Njinga ziwiri pa Khwekhwelere

Padangotero. M'mudzi wina kumapiri a Dedza munali agogo ena amene anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni masiku a Wenela. Anzawo pobwerera ankanyamula mawailesi ndi mabulangete, koma iwo anafika ndi njinga yampikisano ya Raleigh, yopangidwa ku Nottingham, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Pafelemu panali kachizindikiro kofwifwa ka Reynolds 531, dzina la mapaipi achitsulo opyapyala koma olimba amene anayamba kupangidwa ku Birmingham mu 1935. Loweruka lililonse agogo ankaitulutsa pakhonde, kupukuta sipoko imodziimodzi ndi kasanza, kudonthezera oyilo patcheni, poti chitsulo ukachinyalanyaza dzimbiri silichedwa.

Maondo atayamba kukana, anaitana adzukulu awo awiri kuti mmodzi aitenge. Wamng'ono anaseka, nati zachikale zimenezo n'za achimwene ake. Iye ankagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo ndalama za miyezi yambiri anagulira njinga yakaunjika ya kaboni, ya magiya 22. Inalidi yokongola, tisabise. Ana ankapikisana kuinyamula ndi dzanja limodzi, ndipo magiya ake ankalowa ukangokhudza ndi chala.

Tsiku lina agogo anati mkamwa mwawo mukufuna chambo. Anyamatawo analawirira tambala woyamba, ulendo wa kunyanja. Pa zitunda za kumtunda wamng'ono ankangouluka, n'kumakadikira pamwamba atatsamira mtengo.

"Achimwene, chiphakasa chanucho mufika nacho mawa!"

Wamkulu sanayankhe. Thukuta linali kamukamu, chifukwa njinga yachitsulo pachitunda imafuna mwendo.

Atakhotera msewu wa Khwekhwelere, umene umatsika mokhotakhota kupita ku Golomoti, anayamba kutsatana pafupi. Pakona ina mbuzi zinatulukira m'tchire mwadzidzidzi, onse awiri khuu! m'ngalande. Mwamwayi anangosupuka zigongono. Foloko ya Raleigh inapindikira kumbuyo mpaka teyala kukhudza felemu. Ya kaboni inkaoneka yabwinobwino, ndipo mwini wake anakondwa, koma atangoikwera inalira pansi pake. Papaipi yapansi panali mng'alu wowonda, ndipo akaponda unkayasama.

Anakankha mpaka pa Golomoti, pomwe anapeza bambo wokonza njinga patsinde pa mango. Bamboyo anachotsa teyala, analowetsa chipaipi chachitali m'mwendo wa foloko, n'kumakoka pang'onopang'ono, kuima, kutsinzina diso limodzi, kukokanso. Chitsulo chinamvera. Anabwezeretsa teyala, nalizungulitsa, ndipo linayenda pakati penipeni.

"Njinga zoterezi zinasowa," anatero akusisita felemu. "Ngakhale ikanathyoka, owotcherera ali apo."

Wamng'ono anabweretsa yake. Bamboyo anagogoda paipi ndi kandalama kachitsulo: kumtunda inkalira bwino, pamng'alu inkangoti phu, phu.

"Mwana wanga, umu mulibe chitsulo. Muli ulusi womatidwa ndi guluu. Ndikaikapo moto ingonyeka. Alipo amene amamata zoterezi, koma ndi akutali, kumizinda ikuluikulu."

Mnyamatayo anakhala pansi, manja kumutu. Mkulu wake sanamukumbutse mawu a m'mawa aja. Anamusiya pamthunzi, anapalasa yekha kukagula nsomba, namanga dengu pa keliyala imene agogo anaikapo kalekale. Pobwerera chitunda chonse chija anakwera wapansi, kusinthana, wina kukankha Raleigh, wina kusenza ya kaboni paphewa. Anafika dzuwa litalowa, amayi awo atayamba kale kufunsa odutsa m'njira.

M'mawa mwake agogo anapempha kuti awabweretsere njinga yong'alukayo. Anainyamula ndi dzanja limodzi, naigwedeza, nagwedezanso mutu.

"Amene anapanga iyi ndi anzeru. Ndikanakhala nayo ndili mnyamata, palibe akanandipeza." Kenako anayang'ana mdzukulu wawo. "Nanga pogula unafunsa kuti ikadwala aichiza ndani?"

"Sindinafunse, agogo."

"Ineyo ku Joni ndinafunsa ndisanapereke ndalama. Anandiuza kuti aliyense wodziwa moto ndi nyundo."

Wamng'ono anayesa kufufuza omata felemuyo, koma mtengo wotumizira kunja unaposa zimene anali nazo. Anagulitsa mateyala ndi magiya kwa anyamata a mpikisano mumzinda, ndipo ndalamazo anagulira felemu yakale yachitsulo imene anaipeza itaunjikidwa ndi zitsulo zina pamsika, yodyeka penti koma yowongoka. Anabwera nayo kumudzi pabasi, nakagwada pakhomo pa mkulu wake kupempha kuti amuthandize kuipala dzimbiri ndi kuimanga. Ntchitoyo inawatengera nyengo yonse yachisanu, agogo ali pampando kuwauza sipoko yoyenera kumangitsa ndi yoyenera kumasula.