M'mera Mpoyamba

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Chimanga chikafooka chikangomera, feteleza wa pambuyo sachiwombola. Mwambi umenewu timautchula pokamba za ulemu ndi sukulu, koma mumzinda ngati Lusaka uyenera kumvekanso pa nkhani ya mwana ndi msewu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ngozi zapamsewu ndizo zikutsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Wokhala ku Chelstone sangadabwe. M'mawa ana ovala yunifolomu amaima m'mbali mwa Great East Road, malole ndi mabasi opita ku Chipata akudutsa. Ku Kabwata, pa Burma Road, minibasi imaima paliponse pamene kondakitala waona wokwera. Mwana wa giredi 1 akatulukira kutsogolo kwa minibasi yoima, dalaivala wobwera kumbuyo samuona, pakuti mutu wake sufika n'pawindo pomwe. Mwanayonso sanakhwime maso oyezera liwiro. Galimoto ikakhala patali amaiyesa yochedwa.

N'chifukwa chake phunziro la kuyenda pamsewu liyenera kukula pamodzi ndi mwana. Wa zaka zitatu agwidwe dzanja ndi kuyenda mbali yotalikirana ndi magalimoto. Akayamba sukulu, tiziima naye ndi kulankhula mokweza zimene tikuchita: “Ima. Yang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso. Mvetsera.” Timuuzenso chifukwa chake: ku Zambia magalimoto amayenda kumanzere, choncho yoyamba kukufikira imachokera kumanja. Pomwe palibe kanjira ka oyenda pansi, aziyenda moyang'anana ndi magalimoto. Akasinkhuka, nkhani isanduke ya foni, zomvetsera za m'makutu, njinga ndi zovala zowala madzulo.

Komabe mwana amaphunzira ndi maso kuposa makutu. Pa Manda Hill ndi pa UNZA pali milatho ya oyenda pansi, koma si zachilendo kuona kholo likukoka mwana, kuthamanga naye pakati pa magalimoto, mlatho uli chapomwepo. Afika bwino tsidya linalo, inde, koma mwanayo watolapo kuti lamulo ndi la anthu osafulumira. Mawa adzayesa yekha, ndi miyendo yaifupi.

Ku Kabulonga ndi ku Woodlands ana ambiri amapita kusukulu pagalimoto, ndipo makolo amaganiza kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Mwana ali kumpando wakumbuyo akuona zonse: bambo osamanga lamba, mayi akuyankha foni, roboti yofiira ikudumphidwa. Ameneyo ndiye dalaivala wa mawa. Tsiku lina adzatsikanso yekha pasiteji ya mabasi ya Kulima Tower kapena pa Cairo Road, asanawolokepo msewu wotanganidwa.

Bungwe la RTSA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, limaphunzitsa anthu za chitetezo cha pamsewu, koma silingaime pageti la nyumba iliyonse. Ntchito yaikulu ili ndi makolo, aphunzitsi, amalume, ngakhale amayi ogulitsa tomato pafupi ndi siteji. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukaona kamwana kakuzengereza m'mbali mwa msewu, musakadutse. Kagwireni dzanja, mupite nako pamizere yowolokera kapena pamlatho ngakhale pali patali, ndipo mukafotokozere chifukwa chimene mwazungulira.