Chikomekome cha Mkuyu, M'kati Muli Nyerere

Mwambi uwu unachokera pa nkhuyu, zipatso zimene zikapsa zimakopa maso, koma munthu akazing'amba amapeza tizilombo tadzaza m'kati, ndipo akuluakulu amaunena pochenjeza kuti maonekedwe si umboni wa ubwino wa chinthu. Anthu a ku Thambani, m'boma la Mwanza lotchuka ndi manachesi, amadziwa kuti wogula wochenjera amasenda limodzi n'kulawa asanalipire dengu lonse, pakuti mwini dengu sanganyoze malonda ake.

Pulogalamu ya kompyuta, yomwe ndi malangizo olembedwa kuti makina aziwatsata, imabisa zam'kati mwake kuposa nkhuyu, chifukwa woigwiritsa ntchito amangoona zimene zaonekera pagalasi. Mu 2005 boma la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito IFMIS, pulogalamu yoyendetsera ndalama za boma, imene inayembekezeka kutseka mipata ya kuba. Koma mu 2013 zinadziwika kuti ogwira ntchito ena ankalipira makampani omwe sanagulitse kalikonse ku boma, kenaka n'kufufuta zolembedwazo. Kampani yofufuza za ndalama ya ku Britain, Baker Tilly, inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho, ndipo mayiko othandiza ataimitsa thandizo lawo, ululu wake unagwera zipatala ndi masukulu a kumidzi, kumene anthu ambiri sanaionepo pulogalamuyo.

Woyenera kung'amba nkhuyu yotereyi ndi katswiri wodziwa kufufuza kuti ndani ali ndi mphamvu zolowa, zosintha ndi zofufuta, komanso ngati makinawo amasunga mapazi a aliyense wolowamo. Ukatswiri pawokha sukwanira, pakuti katswiri wolipidwa ndi wogulitsa pulogalamu, kapena woopa bwana amene anaigula, amaziona nyererezo n'kukhala chete. Chilungamo chimafunanso kuti asiyanitse chilema cha pulogalamu ndi umbava wa oigwiritsa ntchito, chifukwa kugwetsa mkuyu wonse kaamba ka nkhuyu imodzi n'kulakwira amene anaubzala.

Boma lisanagule pulogalamu iliyonse yokhudza ndalama, mavoti kapena feteleza wotsika mtengo, liipereke kwa akatswiri oima paokha, aiyese ngakhale kumadera akutali ngati Thambani, ndipo zimene apezazo zilengezedwe m'Chichewa kuti eni misonkho azimve.