Ulamuliro umachokera kuti? Funso la ku Nancholi

Nancholi ndi dera la mumzinda wa Blantyre, m'mbali mwa msewu wotsikira ku Chikwawa, moyandikana ndi Manase ndi Baluti. Wokhala kumeneko amamvera khonsolo ya mzinda, amamvera mfumu, amamveranso mpingo kapena mzikiti wake. Funso lakale loti munthu amaitenga kuti mphamvu yolamula mnzake limaonekera poyera m'dera lotere, chifukwa amene malamulo adamupatsa mphamvu si amene anthu amathamangirako zinthu zikavuta.

Mphamvu ya khonsolo imachokera m'malamulo ndi m'mavoti. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidaika m'manja mwa makhonsolo ntchito monga misika, zinyalala, misewu ya m'mizinda ndi kuvomereza mapulani a nyumba. Makhansala amasankhidwa ndi anthu m'mawodi, ndipo iwo amasankha meya pakati pawo. Koma mpando wa khansala udakhala nthawi yaitali wopanda mwini. Makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko lidakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha pa 20 Meyi 2014. M'zaka zimenezo anthu adapitiriza kubadwa, kukangana pa malire ndi kumwalira, ndipo nkhani zawo zidapeza kwina kokathera.

Zambiri zidathera kwa amfumu. Lamulo la mafumu la 1967 sililola mfumu kulamulira mumzinda popanda chilolezo cha khonsolo, komabe m'madera ngati Nancholi maliro salengezedwa amfumu asanamve. Ndiwo amauza adzukulu pokumba, amalandira chipepeso, amaweruza mlandu wa madzi oipa olowa pabwalo la mnzako, amalemba kalata yotsimikiza kuti uje ndi wa m'dera lino. Akuluakulu adati mfumu ndi dzala, kutanthauza kuti zoipa zonse za m'mudzi zimatayidwa kwa iyo ndipo siziyenera kuinyansa. Mawuwa ali ndi chiphunzitso chonse cha ulamuliro: womveredwa ndi amene amasenza. Khansala angakhale ndi mavoti ambiri, koma ngati saoneka pasiwa anthu amati si mnzathu. Ngakhale nkhani za m'dera zimayenda njira yomweyi. Uthenga wa maliro, wa chitukuko kapena wa katemera umamveka msanga kudzera mwa nyakwawa, pa zolengeza za kutchalitchi ndi m'magulu a WhatsApp kusiyana ndi chikalata chomatidwa ku maofesi a khonsolo ku Chichiri.

Chipembedzo chimaonjezera mbali ina. Akhristu ambiri amawerenga chaputala 13 cha kalata ya Paulo kwa Aroma, chomwe chimaphunzitsa kuti maulamuliro adaikidwa ndi Mulungu, ndipo ena amathera pomwepo, n'kumati wotsutsa mtsogoleri akutsutsa Mulungu. Mbiri ya dziko lino siivomereza kumva kotere. Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika adatulutsa kalata yomwe idawerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula kupanda chilungamo mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha zipani zambiri pa riferendamu. Mabishopuwo sadakane kuti mphamvu ndi yochokera kwa Mulungu. Adaonetsa kuti chochokera kwa Mulungu chimakhala chosungitsa, ndipo wosunga amafunsidwa. Asilamu nawonso amaona utsogoleri ngati chinthu chimene munthu adzayankhe pamaso pa Mlengi.

Komatu kukhala pafupi ndi anthu sikukwanira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi ku Manja, m'chigawo chomwechi cha mzinda. Nyumba zambiri zidali pamalo otsetsereka osayenera kumangapo. Wogawa kapena wogulitsa malo otere kawirikawiri ndi munthu wodziwana naye, amene zimamuvuta kukaniza mnzake wosowa pogona, pomwe khonsolo, yokhala ndi mphamvu yoletsa, idalephera kuletsa. Apa m'pamene pamaoneka phindu la lamulo losayang'ana nkhope: limatha kunena kuti ayi pamene chifundo cha pachibale chikulephera.

Choncho mphamvu iliyonse mwa zitatuzi ili ndi chosowa chake. Mfumu imadziwa anthu koma ilibe mainjiniya ndi ndalama za ngalande. Khonsolo ili ndi malamulo ndi misonkho, koma anthu amene saona galimoto yotola zinyalala m'dera lawo amavutika kuikhulupirira. Mpingo umafika m'mitima, osati pa mapulani a nyumba. Malo amene atatuwa angakumanirane ndi komiti ya chitukuko ya wodi, momwe khansala amayenera kumva madandaulo a anthu asanawatengere ku msonkhano wa khonsolo.