Mukasiya nchito, adzakudulilani msonkho ndani?

Pa nchito ya malipilo a pamwezi msonkho simuugwila m'manja. Abwana amadula PAYE kupita ku ZRA, na 5 pelesenti ya NAPSA, iwo n'kuikapo 5 ina. Pamenepo kukhulupilika kwanu sikunayesedwe, poti ena anakusankhilani kale.

Mukayamba makontrakiti anu, nthawi zambili ndalama imalowa yonse. TPIN ndi yanu, wouza ZRA zimene mwapeza ndinu, wosungila ukalamba ndinunso. Mwezi wina kontrakiti kulibe, lendi ikufunika. Apo m'pamene mtima umaoneka.

Kudzigwilila nchito si kulakwa iyayi. Koma musanalembe kalata yosiya, dzifunseni: ndalama ikalowa, kodi ndidzapatula ya msonkho tsiku lomwelo, popanda ondiona? Ngati yankho likuvuta, yembekezankoni pang'ono.