Kodi mwana wofunsa-funsa ndi wamwano?

Mwana wa zaka 3 kapena 4 satopa kufunsa. Mvula imacokera kuti? Cifukwa ciani nkhuku ilibe mano? Agogo amene tinaika m'manda adzabwera liti? Ife tacokera kumunda, msana ukuwawa, madzi sitinatunge. Timangoti: "Khala cete iwe! Ulibe mwambo." Anzathu, tiyeni tiiganize bwino nkhaniyi. Kodi mwanayo wacitadi mwano?

Tione mmene mwana amakulira. Ana ambiri amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 9 ndi 18. Akamakwanitsa caka amachula mau oyamba, monga "amama". Pa zaka 2 amalumikiza mau awiri: "ndifuna madzi". Pa zaka 3 ngakhale mlendo amamva zambiri zimene akunena. Pa zaka 4 amadumpha ndi mwendo umodzi, amasimba zimene waona kucigayo. Pa zaka 5 ambiri amawerenga zala zao mpaka 10, amajambula munthu wokhala ndi mutu, thupi, manja ndi miyendo. Wina amafulumira, wina amacedwako, ndipo palibe colakwa. Koma mwana wa zaka 2 amene sanachulepo mau, kapena saceuka tikamuitana, tipite naye kucipatala. Mwina makutu ake sakumva bwino.

Kufunsa nakonso kumabwera pa msinkhu wake, monga kuyenda. Mwana akaima yekha tsiku loyamba timaomba m'manja, sitimumanga miyendo. Nanga nzeru zake zikayamba kuyenda, timukalipiranji?

Ena adzati: kodi ulemu tiutaye? Iai. Mwana aphunzire kulandira ndi manja awiri. Aphunzire kusadula mau akulu pabwalo la mfumu kapena pamaliro. Koma kuphunzitsa mwana nthawi yofunsira ndi kwina, kumuletsa kufunsa ndi kwina. Tingamuuze kuti: "Dikira, alendo akapita ndikuuza." Alendowo akapita, timuuzedi. Tikaiwala kawiri katatu, mwana amazindikira kuti "dikira" ndiye kuti "leka". Makolo athu omwe, amene anatiphunzitsa ulemu, ndiwo anatisiyiranso mwambi woti safunsa anadya phula. Ndipo madzulo pamoto ankaponyera ana ndagi kuti aganize, ayankhe, atsutsane.

Pali cina cobvuta kucibvomera. Nthawi zambiri timatontholetsa mwana cifukwa yankho sitilidziwa, ndipo tikucita manyazi. Mumtima timati: "Ine sindinapite kusukulu, ndimuuza ciani?" Apa ulemu ulibe mlandu. Kunena kuti "sindidziwa, tiye tikafunse agogo ako" sikucepetsa kholo. Mwana amaonapo kuti munthu wamkulu nayenso amafunsa.

Ndiponso timadziwa zambiri kuposa mmene timadziyesera. Mai amadziwa bowa wodyedwa ndi bowa wakupha. Msodzi wa ku Metangula amadziwa mwera usanafike. Mlimi wa ku Angónia amadziwa nthaka yoyenera mbatatesi. Zonsezi ndi mayankho. Nkhuku zikamalowa m'khola, tiziwerenge mokweza pamodzi ndi mwana. Posankha nyemba, iye aike zofiira apa, zoyera apo. Tikamuimbira nthano, mawa atisimbire ndi iye, ngakhale aisokoneze. Ife amene tikuphunzira zilembo m'kalasi muno tingalembe dzina lake pa mcenga ndi kamtengo, iye atsatize ndi cala. Pa zaka zimenezi kucita zotere kumakwanira. Kumukakamiza kulemba ngati wa kusukulu, ndi ndodo pambali, kumangomuopseza.

Lamulo la maphunziro la 1992 linati mwana alowe kalasi yoyamba ali ndi zaka 6, ndipo la 2018 linasunga msinkhu womwewo. Midzi yathu yambiri ilibe escolinha, motero zaka zonse zapambuyozo mwana amakhala m'manja mwathu. Kuyambira 1993 mpaka 1997 sukulu zina za ku Tete zinayesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja, ndipo lero ziliko sukulu zoyamba ndi cilankhulo ca kunyumba. Koma ana ambiri amakumanabe ndi Cipwitikizi tsiku loyamba lomwe. Pamenepo mwana adzamva mau ambiri acilendo. Amene anazolowera kuyankhidwa adzakweza dzanja. Amene anaphunzira kuti kufunsa ndi mwano adzagwedeza mutu ngati wamva, ndipo mphunzitsi wokhala ndi ana odzaza cipinda sadzadziwa kuti watsala.

Kugwedeza mutu kotereku timakuona ngakhale m'kalasi mwathu muno, pakati pa ife a imvi. Mphunzitsi akafunsa kuti "Mwamva?", tonse timati "Inde". Potuluka timanong'onezana panjira kuti cilembo cija cinali ciani.