Kodi Mbewu N'kudya Pa Njala?

Funso limene ndikufuna tikambirane sabata ino ndi lakalekale: kodi munthu amene ana ake agona ndi njala ali ndi ufulu wosunga chimanga cha mbewu? Kumudzi yankho amalidziwa. Chimanga chosankhidwa bwino chimapachikidwa pamwamba pa moto kuti utsi uziingitsa anankafumbwe, ndipo mwana angalire chotani mu Okutobala, mayi sachitsitsa. Koma funso lomweli likafika mtauni limavala jekete: kodi dziko losauka, limene zipatala zake zikusowa mankhwala, lingamalipire anthu oti azingofufuza zinthu zimene phindu lake lidzaoneka patapita zaka khumi?

Tiyeni tipite kaye ku Russia, komwe anthu ena analiyankha funsoli ndi moyo wawo.

Nikolai Vavilov anali katswiri wa za mbewu amene anayendayenda m'mayiko ambiri, mpaka ku Ethiopia mu 1927, akutolera tirigu, mpunga, nyemba, mbatatesi ndi zina. Zonsezi, mitundu yoposa 200,000, anazisunga mumzinda wa Leningrad. Maganizo ake anali oti pakati pa mbewu za makolo zimenezi pali zina zopirira chilala, zina zopirira matenda, ndipo tsiku lina zidzapulumutsa anthu. Mu 1941 asilikali a Hitler anazinga mzindawo, ndipo anthu oposa 600,000 anafa, ambiri ndi njala, nkhondo ya pamenepo isanathe mu 1944. Antchito a malo osungira mbewu aja ankasinthana kulondera, kuthamangitsa makoswe ndi akuba. Angapo anafa ndi njala ali momwemo. Dmitri Ivanov, woyang'anira mpunga, anamwalira mpunga uli m'mapaketi pambali pake. Alexander Shchukin, katswiri wa mtedza, anafera patebulo lake la ntchito.

Anthu amafulumira kuwatcha ngwazi. Ine ndimayamba ndaima kaye. Taganizani mayi wa mumsewu womwewo amene mwana wake akutsirizika, ndiye amve kuti kuseri kwa chitseko chokhoma kuli mpunga. Mungamuuze chiyani, eti? Kuti adikire zidzukulu za anthu ena? Yankho lokhalo limene ndimalipeza ndi la masamu ouma mtima: mbewu zonsezo zikanaphikidwa, mzinda waukulu chotero sukanakhuta ngakhale tsiku limodzi, koma mitundu yambiri ikanatheratu osadzapezekanso. Choncho ndimati anachita bwino, ngakhale mawu amenewa sindingawanene pamaso pa mayi uja.

Nanga Vavilov mwini wake anali kuti? M'ndende. Anamangidwa mu 1940, ndipo mu Januwale 1943 munthu amene anafuna kuthetsa njala anafa ndi njala m'ndende ya ku Saratov. Amene anamulanda malo anali Trofim Lysenko, munthu wa pakamwa potsekemera. Vavilov ankauza boma zoona, kuti kupanga mtundu watsopano wa tirigu kumatenga zaka zambiri. Lysenko ankalonjeza zokolola zochuluka posachedwa pompa. Ankati mbewu ukaizoloweretsa kuzizira, ana akenso amabadwa ozolowera. Ankatinso zomera za mtundu umodzi sizilimbirana chakudya ngakhale uzithithikize. Stalin anakonda wolonjezayo. Mu Ogasiti 1948 maphunziro a za chibadwa cha zamoyo analetsedwa, aphunzitsi ambirimbiri anachotsedwa ntchito, ndipo Lysenko anakhalabe pampando mpaka 1965.

Apa ndiye pagona nkhani. Boma la Stalin silinakane kuthira ndalama m'sayansi ayi. Linathira, koma linasankha yemwe ankanena zokoma kukhutu. Vuto lake n'lakuti tirigu samva za ndale. Mphunzitsi mungamuopseze n'kusaina kuti mfundo yabodza ndi yoona, koma munda sungasaine. Ndipo aja anasaina mu 1948 sindiwaweruza mopupuluma: anali ndi ana, nyumba inali ya boma, ndipo zimene zinamuchitikira Vavilov ankazidziwa. Ife amene tikukumbuka kuti Jack Mapanje anachoka m'kalasi ku Chancellor College n'kukakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu woweruzidwa, tikudziwa mmene mantha amaphunzitsira munthu wophunzira kukhala chete.

Kuno kwathu tili nacho chitsanzo cha kudekha. Kwa zaka zambiri alimi ang'onoang'ono ankachikana chimanga cha haibulidi, ena n'kumati ndi umbuli. Umbuli wanji? Amayi ankaona kuti chimanga chofewacho chimaphwanyika mumtondo, mphale n'kuchepa, ndipo m'nkhokwe chimafumbwa msanga. Akatswiri a ku Chitedze atamvera dandaulo limeneli anagwira ntchito mwakachetechete nyengo zingapo, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, ndipo mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18, zolimba ngati chamakolo koma zobereka ngati haibulidi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nduna yofuna zoonetsa pamsonkhano wa mawa ikanati anthu amenewa akungodya ndalama.

Masiku ano palibe amene akutsekera katswiri wa chimanga m'ndende. Chimene chilipo n'chofatsa koma chimagwira ntchito yofanana. Ntchito zambiri za kafukufuku zimadalira thandizo lochokera kunja, la zaka zitatu kapena zisanu, ndipo mwini thumba ndiye amasankha funso loti lifufuzidwe. Mnyamata kapena mtsikana wobwera ndi digiri yake ya udokotala amaona msanga kuti mawekishopu a kunyanja amalipira bwino kuposa kuwerenga mizere ya nandolo padzuwa. Akasiya munda n'kupita ku bungwe, timuti wagulitsa mbewu? Ine ndikukana. Dziko silingamange mfundo zake za sayansi poyembekezera kuti anthu azifa ngati Ivanov. Wolondera mbewu naye adye, ana ake apite kusukulu. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Lagos mu 1980 kuti azipatula gawo limodzi pa magawo 100 a chuma cha dziko kuti lipite ku sayansi. Mayiko ambiri sanafikepo mpaka lero.

Ku Chitedze komweko kuli nkhokwe yathu ya mbewu za makolo: mapira, mawere, nzama, khobwe, chimanga cha mitundumitundu. Mbewu yosungidwa siikhala yamoyo mpaka kalekale. Pamafunika munthu woti aziiyesa ngati ikumerabe, aziibzalanso pakapita zaka, alembe zonse m'kaundula, ntchito yopanda alawansi ndiponso yosatuluka pawailesi. Pamafunikanso mafiriji ozizira usana ndi usiku, ndipo mafirijiwo amayendera magetsi omwewa amene inu ndi ine timawadziwa khalidwe lake.