Nkhonya yobwezera kuwawa

Akuluakulu akati "nkhonya yobwezera kuwawa" amachenjeza oputa dala anzawo. Woyamba ndewu asadzalire akamubwezera, pakuti wobwezera amaponya ndi mkwiyo wake wonse. Mwambiwu umamveka m'mabanja ndi pabwalo la milandu, koma pamasewero a nkhonya ndi karate umachita kuoneka ndi maso.

Pa Mpamba, m'mbali mwa msewu wa M5 wochokera ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu, anyamata akaonera mafilimu a Bruce Lee kapena Jackie Chan sachedwa kukayeserera pabwalo. Wongoyamba kumene sadziwa kupima mphamvu. Mantha akamugwira amatsinzina n'kuponya chibakera chonse pamphuno pa mkulu wake, yemwe anachita kumupatsa mpata dala kuti aphunzire. Mkuluyo mtima ukamuwira amabwezera kamodzi kokha, mwana wa eni n'kukhala pansi, mlomo uli chuchuchu magazi. Mawa lake sabweranso.

Wolakwa ndani? Wophunzirayo ali ndi mbali yake: akauzidwa kuti achepetse mphamvu azimva, asafune kutchukira pa amene akumuphunzitsa. Komabe udindo waukulu uli pa katswiri. Iyeyo ndiye amatha kulewa, kutchinga, ndi kungogunda pang'ono pamene mnzake wasiya poyera kuti azindikire yekha cholakwa chake. Kukomola wophunzira si luso ayi, n'kudzithamangitsira wekha munthu wokonzekera naye. Jigoro Kano, amene anayambitsa judo ku Tokyo mu 1882, ankaphunzitsa kuti awiri ogwirana pokonzekera ayenera kupindula onse.

Pankhonya napo chitsanzo chilipo: Larry Holmes anakhwimira m'manja mwa Muhammad Ali. Kwa zaka zingapo ntchito yake inali kuchita naye sparring, nkhonya zongokonzekera, mpaka anamuperekeza ku nkhonya ya ku Zaire mu 1974. Kawirikawiri Ali ankatsamira zingwe n'kuwaleka anyamata akewo aponye, ndipo Holmes anatolapo zambiri.

Pa 2 Okutobala 1980 awiriwa anakumana ku Las Vegas polimbirana lamba. Ali anali ndi zaka 38, thupi litatheratu. Mpata wobwezera zonse unalipo, ndipo Holmes anapambana ndime iliyonse, koma oonerera ambiri anaona kuti nthawi zina ankabweza dzanja, osafuna kumutsiriza mphunzitsi wake. Ndime ya 10 itatha, kochi wa Ali, Angelo Dundee, anaimitsa nkhonyazo. Holmes anayankha mafunso a atolankhani misozi ili mbwembwembwe.